Nyama yaonongeka, msasa wanunkha: kuthetsa mavuto a ndiwo ndi zinyalala pa ulendo wokawedza ku Salima ndi Nkhotakota

Madandaulo a anthu okagona kunyanja kokawedza sasintha, makamaka kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika. Anthu anyamuka ku Lilongwe Lachisanu masana ndi cooler box (bokosi losungira zinthu pa ayisi) yodzaza nyama, amanga matenti ku Senga Bay kapena apitirira pa msewu wa M5 mpaka ku nyanja yaing'ono ya Chia, ndiye pofika Loweruka madzulo ayisi yense wasanduka madzi, nkhuku yayamba kamfungo, ntchentche zili ng'waa, agalu a m'mudzi akuzungulira msasa. Ambiri amaloza chala bokosi kapena wogulitsa nyama. Koma kawirikawiri cholakwika chimakhala chitachitika kale kunyumba polongedza, kapena m'maola awiri oyamba nsomba itavuulidwa.

Bokosilo silipanga kuzizira. Limangosunga kuzizira kumene mwaikamo nokha. Nyama ndi nsomba zaziwisi zimafunika kukhala pansi pa madigiri 5. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo timaswana msanga, choncho ndiwo zisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kunja kukatentha kuposa madigiri 32, monga zimakhalira masana ambiri m'mbali mwa nyanja nthawi yachilimwe, malire ake ndi ola limodzi.

Pa vuto lililonse m'munsimu, zoyambitsa zandandalikidwa kuyambira zochitikachitika kufikira za apo ndi apo.

## Ayisi wasungunuka tsiku lisanathe

1. Mwaikamo zinthu zofunda. Nyama yogula pa msika m'mawa womwewo, zakumwa zochokera mu golosale, ngakhale bokosi lenilenilo ngati linali m'galaja yotentha, zonsezi zimadya ayisi ulendo usanayambe. Umitsani nyama mu filiji kwa masiku awiri mpaka ikhale gwa ngati mwala. Usiku woti mawa mukunyamuka gonekani mabotolo awiri a ayisi m'bokosi lopanda kanthu, m'mawa muwachotse n'kuikamo ena.
2. Zakumwa ndi nyama zili m'bokosi limodzi. Aliyense wofuna botolo akutsegula, mpweya wozizira ukutuluka. Zakumwa zikhale ndi kwake, ngakhale mu ndowa ya madzi yofunditsidwa chiguduli chonyowa. Bokosi la nyama litsegulidwe kawiri kapena katatu pa tsiku, ndi munthu mmodzi wodziwa pamene pali chilichonse.
3. Ayisi ndi wochepa, kapena ndi wa tizidutswa. Tizidutswa timaziziritsa msanga koma sitikhalitsa. Chibulumwa chachikulu ndicho chimafika tsiku lachitatu. Umitsani madzi akumwa m'mabotolo a malita awiri kapena m'zigubu za malita asanu, osadzaza mpaka pakamwa chifukwa madzi amafufuma akamauma ndipo botolo limang'ambika. Chigubu cha malita asanu chimafuna masiku awiri kuti chiume mpaka pakati, ndipo ngati magetsi akuthimathima onjezerani tsiku. Pa ulendo wa masiku atatu nthawi yotentha, ayisi atenge magawo awiri mwa atatu a bokosi, chakudya gawo limodzi.
4. Bokosi lili pa malo otentha. Kumbuyo kwa pikapu padzuwa, mu buti pamwamba pa ekizozi, pa mchenga wa masana, kapena mu tenti yotseka. Liikeni pamthunzi, pa matabwa kapena makatoni, lifunditseni bulangete, ndipo muzilisuntha mthunzi ukamasuntha.
5. Mwatsala mpata wambiri. Ndiwo zikamatha, tsekani mpatawo ndi thaulo kapena manyuzipepala okwinya.
6. Chivindikiro kapena kachitseko kotulutsira madzi sizikugwira bwino. Yesani usiku: yatsani tochi, iikeni m'kati, tsekani. Pamene pakutuluka kuwala ndi pomwe pakulowa kutentha. Mangani bokosi ndi lamba wa labala kuti chivindikiro chikanikizike.

Ngati muli ndi thermometer (choyezera kutentha) ya mu filiji, igoneni pamwamba pa nyama, osati pa ayisi. Pa ayisi ingokuuzani zokusangalatsani.

## Nyama ikuyandama m'madzi ofiira

Choyamba kukayikira ndi jumbo. Majumbo opyapyala amabooka ndi mafupa a nkhuku ndi nthiti za mbuzi, komanso ndi oletsedwa kale m'dziko muno ngati kukhuthala kwake kuli kochepera ma micron 60. Gwiritsani ntchito makontena otseka bwino, kapena mapepala apulasitiki okhuthala awiri, lina m'kati mwa linzake, lililonse lomangidwa palokha. Chachiwiri ndi kulongedza nyama yonse ngati mtolo umodzi, moti pofuna ya chakudya chimodzi mukusungunula yonse. Igaweni kunyumba m'timaphukusi ta chakudya chimodzichimodzi, mulembe tsiku pa lililonse. Chachitatu ndi kasanjidwe: nyama yaiwisi ikhale pansi penipeni pa ayisi, zophikaphika, majarini ndi masamba pamwamba, kuti chodontha chisagwere pa chinthu chodyedwa chosaphika.

Zikachitika kale:

- Tomato, nkhaka, buledi, zipatso zosenda ndi china chilichonse chodya chosaphika chomwe chanyowa ndi madziwo, tayani.
- Mabotolo a zakumwa atsukeni ndi sopo musanaike pakamwa.
- Madziwo asakhuthulidwe pafupi ndi tenti. Fungo la magazi ndilo limaitana agalu ndi afisi. Akathiridwe m'dzenje, n'kukwirira.

Kodi madzi osungunuka azitayidwa kapena ayi? Ngati nyama ili m'makontena osalowa madzi ndipo ayisi akadalipo, asiyeni, chifukwa madzi ozizirawo amasunga bwino kusiyana ndi mpweya umene ungalowe m'malo mwake. Ngati muli nsomba zogona pa ayisi mwachindunji, atulutseni pafupipafupi.

## Nyama ikununkha, ikuterera kapena yasintha mtundu

1. Mwadya mosatsata dongosolo. Nyama sizionongeka pa liwiro limodzi. Chiwindi, nthumbwana ndi zam'kati zonse, nyama yogaya ndi soseji yaiwisi ndi za tsiku loyamba. Nkhuku isapitirire tsiku lachiwiri. Nthuli zikuluzikulu za ng'ombe kapena mbuzi zouma bwino mu filiji zingafike tsiku lachitatu ngati ayisi alipo. Kuyambira pamenepo dalirani nyemba, usipa wouma, nyama ya soya, mazira, ndi zimene mbedza yakupatsani.
2. Inasungunuka pa njira n'kuziziranso. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo ku Nkhotakota n'kowonjezera ena oposa 100. Mukaphatikiza kuima pogula makala ndi tomato, ndi maola okwanira kuononga nyama yosauma bwino mu filiji. Kuthira ayisi watsopano pa boma sikubweza zomwe zachitika pa njira.
3. Mwaisungunulira padzuwa kapena mu beseni la madzi a m'nyanja. Njira yabwino ndi kukweza phukusi la mawa pamwamba m'bokosi usiku, lisungunuke pang'onopang'ono likadali pozizira.
4. Inali yakale pogula. Ya pa msika gulani m'mawa, yophedwa tsiku lomwelo. Ya chiweto chofa chokha musaiyandikire ngakhale mtengo wake utsike chotani. Ya nyama zakutchire yogulitsidwa mobisa m'mbali mwa nkhalango ndi mlandu, ndipo simudziwa kuti yagona masiku angati pa msampha.

Apa pali chinthu chimene anthu ambiri savomereza. Mphuno imagwira nyama yovunda, koma sigwira nyama yodwalitsa. Tizilombo monga Salmonella sitisintha fungo kapena maonekedwe. Nkhuku yomwe yakhala maola anayi m'madzi ofunda ingaoneke bwinobwino koma ndi yotaya. Ndipo yomwe yayamba kale kununkha sikonzeka ndi mandimu, viniga, soda kapena tsabola wa kambuzi. Izi zimangobisa fungo. Kuotcha kwambiri kumapha tizilombo tambiri, koma poizoni amene tina timasiya safa ndi moto.

Ngati ayisi watha koma nyama ikadali yozizira kwenikweni poigwira, musadikire: iphikeni yonse nthawi yomweyo mpaka ipse m'kati, mudye, yotsala muiwambe pa moto iume. Nkhuku yapsa ikafika madigiri 75 m'kati. Popanda choyezera, chekani ntchafu mpaka pa fupa, pasakhale pofiira ndipo msuzi wotuluka ukhale woyera.

## Nsomba zafewa, mimba zaphulika musanafike kumsasa

Nsomba imaonongeka msanga kuposa nyama, ndipo imayambira m'matumbo ndi m'makha, zofiira za m'mutu zija imapumira.

1. Zagona pansi m'bwato padzuwa. Tengani kabokosi kena ka nsomba zokha. Kunyanja kuno yesani kilogalamu imodzi ya ayisi pa kilogalamu imodzi ya nsomba, ndipo ayisi wake akhale wophwanyaphwanya kuti akhudze nsomba mbali zonse. Popanda ayisi, zifunditseni chiguduli chonyowa pamthunzi ndipo mubwerere kumtunda msanga.
2. Sizinatumbulidwe. Chambo, mcheni, kampango ndi mlamba zitumbuleni mkati mwa ola limodzi. Chotsani matumbo ndi makha, palani magazi akuda otsatira msana ndi supuni kapena chala chachikulu, tsukani ndi madzi oyera, thirani ayisi m'mimbamo, muzigoneke mimba pansi kuti madzi azituluka.
3. Zasiyidwa zifere zokha zikuphiriphitha. Nsomba yovutika nthawi yaitali imafewa msanga. Imenyeni kamodzi mwamphamvu pamutu. Kampango ndi mlamba zidulidwe pa makha kuti magazi atuluke.
4. Zaunjikidwa. Za pansi zimaphwanyika. Sanjani ayisi, nsomba, ayisi, nsomba.
5. Munagula zogonera mu ukonde. Pa doko yang'anani maso: akhale owala ndi otundumuka. Makha akhale ofiira, osati otuwa kapena a nanda. Mukadina ndi chala, mnofu ubwerere. Usipa ndi utaka waziwisi sizidikira munthu, ndi zokazinga kapena zofutsa m'mawa womwewo.

Samalani ndi minga ya kampango, mlamba ndi nkholokolo potumbula. Iduleni kaye ndi pulayala musanagwire mpeni. Musanaponye mbedza, funsani ku ofesi ya za usodzi kapena komiti ya pa doko ngati malowo kapena nyengoyo ndi yololedwa. Mu mtsinje wa Bua m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota, momwe mpasa imakwera kukaswana, malamulo ake ndi a oyang'anira nkhalango.

Lekani, itanani odziwa: mukaona nsomba zambiri zakufa zikuyandama kapena zitakokoloka pa gombe, musatole, musagule. Dziwitsani a za usodzi.

## Zowamba kapena zoyanika zachita mphutsi kapena nkhungu

Chofala kwambiri ndi kuuma kunja kokha. Moto waukulu umaumitsa khungu, m'kati mukadali madzi. Ing'ambeni nsomba kumsana ikhale yotambasuka, ya mnofu wochindikala ngati kampango muichekecheke. Iviikeni kwa mphindi 30 m'madzi a mchere, kapu imodzi ya mchere pa malita awiri, idonthe, kenako iwambeni pa waya wokwera bwino pamwamba pa makala ndi utsi, mukuitembenuza. Yowamba maola awiri kapena atatu ndi yodya lero ndi mawa. Yoti ikafike kumudzi imafuna tsiku lonse kapena kuposa, mpaka ikhale yopepuka ndi yolimba.

Chachiwiri ndi ntchentche zobiriwira zija, zimene zimaikira mazira pa nsomba yonyowa ndipo nthawi yotentha mphutsi zimaoneka tsiku lisanathe. Phimbani thandala ndi nsalu ya maukonde aang'ono yosanyikidwa mankhwala. Neti yogonamo ili ndi mankhwala, ndipo ntchito yake ndi ya usiku. Chachitatu ndi kulongedza zikadali zofunda mu pulasitiki, momwe zimachita thukuta. Zizizire kaye, muziike mu dengu kapena katoni.

Nyama ya ng'ombe kapena mbuzi ilezeni m'mizere yosaposa chala kunenepa, chotsani mafuta, pakani masupuni aakulu awiri a mchere pa kilogalamu. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imathandiza. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi n'chochuluka, kuyanika kokha sikukwanira, pamafunika moto. Nkhuku ndi nkhumba si zoyanika zaziwisi.

Musapopere mankhwala a udzudzu, a mbewu kapena a nkhokwe pa nsomba pofuna kuthamangitsa ntchentche. Musawambire nkhuni zopaka penti kapena mapulasitiki.

## Ntchentche, nyerere ndi fungo pa msasa

1. Matumbo ndi mamba a nsomba atayidwa pafupi. Malo otumbulira akhale kutali ndi matenti, kumbali imene mphepo ikulowera.
2. Madzi otsukira mbale akuthiridwa paliponse. Asefeni kaye ndi kansalu kapena sefa, zotsalira zipite ku zinyalala, madziwo m'kadzenje kosachepera mamita 60 kuchokera kunyanja kapena kumtsinje, omwe ndi masitepe pafupifupi 70 a munthu wamkulu.
3. Thumba la zinyalala ndi lotsegula. Ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro cholimba imaposa jumbo aliyense. Thirani phulusa lozizira pamwamba nthawi iliyonse mwatayamo zonyowa.
4. Mapepala omwe munakulungira nyama. Awa ndiwo amanunkha kuposa mafupa. Atsukuluzeni, muwatsekere mu botolo kapena kontena yopanda ntchito.
5. Waya wootchera kanyenya wagona ndi mafuta. Mubwezereni pa moto mafuta apserere, mukwecheni.

Za nyerere, imikani miyendo ya tebulo m'zitini za madzi, shuga akhale mu botolo lotseka. Linthumbu likalowa, musalimbane nalo. Chotsani chakudya ndi zogonera, lidutse.

## Zinyama zikubwera pa msasa

Agalu ndiwo oyamba pa magombe a m'midzi, kenako akhwangwala ndi akamtema masana, apusi ndi anyani kufupi ndi mapiri ndi mitengo, ng'azi m'mabango, afisi usiku. Zonsezi zikutsata fungo, ndipo chikapeza kamodzi chimabweranso ndi anzake.

- Chakudya chisagone mu tenti, ngakhale bisiketi. Bokosi ndi ndowa ya zinyalala zigone m'galimoto yotseka magalasi.
- Anyani amadziwa kutsegula cooler box. Imangeni lamba.
- Osaponyera nyama iliyonse chakudya pofuna chithunzi. Nyani wozolowera anthu amayamba kulanda, ndipo mapeto ake amaphedwa.
- Mu nkhalango ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015 ndipo munasamutsiridwa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, zipatso zonunkhira monga malalanje ndi mango zisungidwe motsekedwa. Zinyalala zonse mutuluke nazo kapena muzisiye pamene oyang'anira akuuzani.

Za ng'ona n'zofunika kuzinena pazokha. Kutumbulira nsomba pa malo amodzimodzi m'mphepete mwa madzi tsiku ndi tsiku, n'kumaponya matumbo pomwepo, ndi kuiphunzitsa ng'ona nthawi ndi malo. Alendo amapita, koma otsala ndi amayi otunga madzi ndi ana osamba pa dokolo. M'matsiriro a mitsinje monga Bua ndi Linthipe, m'mabango ndi m'mbali mwa Chia, tungani madzi mu ndowa mukatumbulire kumtunda, ndipo pasakhale wotsuka mapoto m'madzi kukada.

Lekani, itanani odziwa: fisi, ng'ona, mvuu kapena njovu ikamabwerabwera, musaithamangitse nokha. Uzani mwini malo, amfumu kapena alonda a za nyama zakutchire, ndipo samutsani msasa. Wolumidwa kapena kukalidwa ndi galu, pusi kapena nyani atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, ngakhale bala lioneke laling'ono.

## Dzenje la zinyalala lafukulidwa

Mwina ndi losaya, mwina lili mu mchenga, mwina mwatayamo zosaola. Mchenga wa pa gombe galu amaufukula mosavuta, ndipo mafunde a mwera amafukula zotsala. Kumbani pa dothi lolimba, kutali ndi madzi ndi zitsime, mozama masentimita 60 kapena kuposa, mutapempha kaye kwa eni malo. Mulowe zoola zokha: matumbo, makoko, mkute. Thirani phulusa ndi dothi pa tsiku, pomaliza tsenderani ndi kuikapo mwala.

Mafupa ndi minga zotcheni pa moto waukulu mpaka zipserere. Mabotolo, zitini, mapulasitiki, mabatire a tochi ndi zingwe za mbedza zibwerere nanu ku tawuni. Chingwe chotayidwa chimakola mbalame, ndipo mbedza yokhala ndi nyambo imamezedwa ndi galu kapena kubaya mwana woyenda chosavala nsapato. Mafuta okazingira atsanulireni mu botolo akazizira.

Kanthu kena kakang'ono: madera ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi Nkhotakota kuli Asilamu ochuluka. Ngati mwatenga nkhumba, ikhale ndi kontena, mpeni ndi waya wakewake, musabwereke chiwaya cha eni mudzi pophikira, ndipo mafupa ake mubwerere nawo.

## Wina wayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba

1. Manja, mpeni ndi thabwa. Mpeni wodulira nkhuku yaiwisi wadulanso tomato wa kachumbari. Tengani matabwa awiri, ndipo sopo ndi chigubu cha madzi osamba m'manja zikhale pomwe pali mbaula.
2. Madzi. A m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, si akumwa kapena otsukira zodya zosaphika. Awiritseni abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani WaterGuard potsata muyeso wa pa botolo n'kudikira mphindi 30. Ayisi wogula musamuike m'chakumwa ngati simukudziwa madzi ake.
3. Zotsala za dzulo. Mpunga ndiwo umapusitsa anthu. Ukagona mu poto pofunda, tizilombo take timasiya poizoni wosafa ndi kutenthetsanso, ndipo kusanza kumayamba patangopita maola ochepa. Phikani wokwanira kudya. Ndiwo zotsala zilowe m'bokosi zikangozizira, ndipo zitenthetsedwe kamodzi kokha mpaka zibwate.
4. Nkhuku yopserera kunja, yaiwisi pa fupa. Zimachitika pootcha usiku ndi tochi, kapena nyama ikaikidwa pa moto pakati pasanasungunuke.

Yambani Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati palibe, sungunulani masupuni a tiyi asanu ndi limodzi a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Wodwalayo azimwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo asagwirenso ntchito ya kukhitchini.

Pasulani msasa, thamangirani kuchipatala ngati:

- chimbudzi chili cha madzi okhaokha ngati otsukira mpunga. Ichi ndi chizindikiro cha kolera, yomwe inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja mu 2022 ndi 2023 ndipo imatha kupha pa maola ochepa;
- muli magazi m'chimbudzi kapena m'masanzi;
- chilichonse chimene wamwa chikubwerera;
- maso alowa m'kati, sakukodza, akufooka kapena kusokonezeka mutu;
- thupi latentha kwambiri, chifukwa kunyanja kuno angakhalenso malungo, ndipo pafunika kuyezetsa;
- akuona zinthu ziwiriziwiri, akulephera kumeza kapena kupuma bwino;
- wodwala ndi mwana wosafika zaka zisanu, mayi woyembekezera, wachikulire kapena wa matenda a mgonagona;
- anthu angapo adwala atadya chakudya chimodzi.

Zipatala za boma zilipo pa Salima ndi pa Nkhotakota, koma funsani tsiku lofika kuti chipatala chaching'ono chapafupi chili kuti, ndipo galimoto igone ndi mafuta okwanira. Pa njira wodwalayo azipitiriza kumwa ORS. Mbedza yolowa mpaka ngowe yake, makamaka pankhope, m'chala kapena pafupi ndi diso, musaizule nokha. Dulani chingwe, phimbani ndi nsalu yoyera, akaichotse achipatala ndipo akaone ngati pakufunika katemera wa kafumbata.